Mbiri ya Tochi ndi Diso Lake

Pa msika uliwonse wodziwika m'dziko muno, kaya ndi ku Limbe, kaya ku Lilongwe tsidya la mlatho, kaya pa timasitolo ta m'mbali mwa msewu pamene basi imaima kamodzi pa tsiku, simulephera kupeza munthu mmodzi amene chuma chake chonse ndi kathebulo kodzaza ndi mawaya, mawailesi osalankhula ndi matochi othyoka khosi. Ndipo kwa munthu ameneyu ndiko kumapita aliyense amene nyali yake yayamba kuona mwachimbuuzi. Ndinaima pa kathebulo kotere madzulo ena a mwezi wa June, nyengo imene dzuwa limafulumira kulowa ndipo usiku umatalika, ndipo ndinamva mlonda wina wa imvi, atagwira tochi yake yotchaja ndi manja awiri monga achitira munthu wolandira mphatso, akupempha kuti: "Amisiri, ndiikirenimo babu lowala kuposa ili, pakuti maso anga akalamba, ndipo mpanda umene ndimalonda ndi wautali." Mmisiri uja, amene pa msinkhu akadatha kukhala mwana wa mkuluyo, sanathamangire ku kabokosi ka mababu ayi, koma anayamba watsegula tochiyo, nasolola batire, naliyang'ana mbali zonse, nati: "Bambo, babu lowala lilipo, koma tiyambe tafunsa batireli ngati lingathe kulidyetsa." Mawu amenewa ndakhala ndikuwasinkhasinkha, ndipo ndaona kuti mnyamatayo, kapena osadziwa, anamanga m'mawu ochepawo mbiri yonse ya chipangizo chimenechi, imene kwa zaka zoposa zana yakhala kukokana kwa zinthu ziwiri: diso lofuna kuwala, ndi mimba yoyenera kulidyetsa.

Koma tisanapite ku mayiko akutali kumene tochi inabadwira, ndi bwino tikumbuke kuti makolo athu sanali anthu ogonja kwa usiku. Mwezi ukawala, bwalo linkadzaza, ng'oma zinkalira, ana ankasewera kufikira tulo titawagwira. Koma pa masiku a mdima wandiweyani, umene munthu saona ngakhale chikhatho chake chomwe, wofuna kutuluka ankasolola chikuni pa moto n'kumachigwedeza patsogolo pake kuti chisazime, kapena ankamanga muuni wa udzu wouma, wa tsekera kapena wa bango. Ndi muuni anthu ankafula njuchi, ndi muuni ankaitana ngumbi pa chulu mvula itagwa, ndipo ndi muuni asodzi a kunyanja ankakopa usipa kuti usonkhane pafupi ndi bwato. M'nyumba, amayi ena ankatunga nthanga za nsatsi pa kamtengo kosongola n'kuyatsa ya pamwamba, kuti mafuta a m'nthangamo aziyaka pang'onopang'ono, moto n'kumatsika nazo, kufikira mwana atamwa mankhwala kapena mphasa itayalidwa. Kuwala kumeneku sikunkagulidwa, pakuti thengo silinkagulitsa udzu, koma kunali ndi mtengo wake wina: muuni sukhalitsa, umaopa mvula, ndipo m'mudzi wa madenga a udzu, m'chilimwe mphepo ikuomba, mbaliwali imodzi yokha inkatha kusandutsa nkhokwe ya chaka chonse kukhala phulusa.

Palafini ndiye anayamba kutsitsa muuni pa mpando wake. Mmodzi mwa anthu amene anaphunzitsa dziko kutcheza mafuta oyatsira nyali anali James Young wa ku Scotland, amene mu 1850 analembetsa njira yake yowatchezera kuchokera ku malasha. Ndipo munthu ameneyu anali bwenzi la pamtima la David Livingstone kuyambira ali anyamata ophunzira ku Glasgow, kotero kuti chuma cha palafini chinathandizako pa maulendo ena a mmishonale uja amene anafika pa nyanja yathu mu 1859. Amishoni atakhazikika, kampani ya Mandala ya abale awiri a Moir itayamba malonda ake mu 1878, ndi amwenye atatsegula masitolo m'maboma ndi m'mphambano za misewu, palafini analowa m'midzi m'timabotolo totseka ndi chitsononkho. Aphunzitsi, akalaliki ndi mafumu anagula nyali za galasi. Anthu wamba anakhala ndi koloboyi, kachitini ka khosi lopyapyala ndi chingwe cha nsanza, kamene amisiri a malata ankakasula pa msika. Ndani mwa ife amene tinawerengera mayeso pa koloboyi angaiwale kudzuka m'mamawa m'mphuno muli bii ndi mwaye? Sindifuna kumunyoza koloboyi, pakuti analera aphunzitsi, abusa ndi anamwino ambiri. Koma anali wa m'nyumba, wosayenda panja, ndipo munthu wotumidwa pakati pa usiku kukaitana azamba, kapena kukanena za maliro ku mudzi wina, ankasowabe moto wosazima ndi mphepo, wotha kugona m'thumba la malaya osawotcha mwini wake.

Moto woterowo unali kukonzedwa kutsidya kwa nyanja zamchere, ndi anthu amene ena a iwo sanaonane n'komwe. Mu 1866 Mfalansa wina, Georges Leclanché, anapanga batire la zinki ndi makala lokhala m'botolo la madzi a mankhwala, limene linkagwira ntchito bwino, koma linali la pa alumali, pakuti ukalipendeka linkatayika. Patapita zaka makumi awiri, mu 1886, Carl Gassner wa ku Germany anasandutsa madzi aja kukhala phala louma, nalitsekera m'kachitini ka zinki, ndipo linabadwa batire lotha kugona, kuimirira kapena kuyenda ulendo. Pofika 1896 kampani ya National Carbon ya ku America inali kupanga ochuluka ogulitsa. Babu nalo linali litabadwa kale m'manja mwa Joseph Swan ku England ndi Thomas Edison ku America cha m'ma 1879, ndipo kaulusi kake koyaka kanali ka makala. Edison, atayesa zinthu zambirimbiri, anakhazikika kwa zaka zingapo pa nsungwi ya ku Japan yowotchedwa mwaluso, kotero kuti babu loyambalo linali pachibale ndi muuni wa bango kuposa mmene ambiri aganizira. Amene anakwatitsa batire ndi babu anali David Misell, Mngelezi wokhala ku New York, amene pa 10 January 1899 analandira chikalata cha boma chomuchitira umboni kuti lusolo ndi lake: mabatire ondondozana m'kachubu ka pepala lolimba, babu kutsogolo, ndi kambale ka mkuwa kobweza kuwala. Luso limeneli linagwa m'manja mwa Conrad Hubert, mlendo wochokera ku dziko la Russia, amene kampani yake inadzatchuka ndi dzina la Ever Ready, ndipo ena mwa matochi oyambawo anaperekedwa kwa apolisi a mumzindawo kuti awayese.

Tsono tochi yoyambayo inali khanda lofooka. Kaulusi ka makala kankadya moto wambiri n'kubweza kuwala kochepa kofiirira, ndipo mabatire ankatopa msanga n'kufuna kupumula, kotero kuti mwini wake ankangoyatsa kamphindi n'kuzimitsa, monga kuphethira kwa diso. N'chifukwa chake anthu a ku America anaitcha flashlight, ndiko kunena kuti nyali yong'anima, dzina limene akali nalo kufikira lero. Koma Angelezi anaitcha torch, liwu limene kwa iwo kuyambira kalekale linkatanthauza muuni. Ife tinalandira liwu la Angelezilo n'kulipinda pa lilime lathu kukhala tochi, ndipo potero, osazindikira, tinangobwerera ku muuni wa makolo athu podzera njira yaitali.

Chimene chinapulumutsa tochi kuti isafe ili choseweretsa cha olemera chinali babu latsopano. Mu 1904, ku Budapest, Sándor Just ndi Franjo Hanaman analembetsa babu la kaulusi ka tungsten, chitsulo chimene sichisungunuka kufikira kutentha kutapitirira madigiri 3,400. Ndipo cha m'ma 1910 William Coolidge wa kampani ya General Electric anapeza njira yochisulira kukhala kawaya kosathyoka msanga. Kawaya kameneka, popeza kankapirira moto woopsa, kankawala moyera ndi mowirikiza pa chakudya chomwe chija cha batire, kotero kuti tochi yomweyo, ya mabatire omwewo, ikalandira diso la tungsten inkasanduka nyali yeniyeni yotha kuyaka osapumula. Muone tsono kuti pempho la mlonda uja, lakuti amuchotsere babu lofooka ndi kumuikira lowala, ndi lakale pafupifupi monga tochi imene.

Kwathu kuno tochi inabwera m'masutukesi. Magetsi a m'mawaya anachedwa, pakuti ngakhale Dr Robert Laws anayatsa magetsi a mphamvu ya madzi ku Livingstonia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ngakhale makina a pa Nkula, pa mtsinje wa Shire, anayamba ntchito mu 1966, mawayawo ankalondola matauni, n'kumadutsa midzi m'mwamba monga mbalame za pa ulendo. Amene anafikitsa kuwala kwatsopanoku pa khomo la munthu wamba anali amuna obwera ku Joni ndi ku Halale, ndi asilikali a King's African Rifles obwera ku nkhondo ya ku Burma, amene ankatulukira m'mudzi ali ndi jekete, chipewa, bulangete ndi tochi yachitsulo yonyezimira. Malume anga anali mmodzi wa obwera ku Joni, ndipo tochi yawo ya miyala itatu, pakuti mabatire masiku amenewo tinkawatcha miyala, inkagona kumutu kwa mphasa pafupi ndi Buku Lopatulika, ndipo mwana woigwira wosapatsidwa chilolezo ankakhala ndi mlandu wokambidwa akulu ali pomwepo. Inkayatsidwa pa zifukwa zomveka zokha: fisi akalira pafupi ndi khola, nkhuku zikabwebweta usiku, mwana akatentha thupi, kapena pa ulendo wa ku siwa. Inabala ndi mwambo wake womwe, umene ndimamva chisoni kuuona ukutha: kuwalitsa munthu wamkulu kumaso kunali chipongwe chachikulu, ndipo woleredwa bwino, akakumana ndi mnzake m'njira, ankalozetsa kuwala pansi, pa mapazi, n'kunena kuti, "Zikomo, ndani kodi?" kuti mawu ayambe adziwana maso asanaonane.

Miyala inali yodula, ndipo nzeru zoisamalira zinali zambiri. Kunali ya Nzeru, yopangidwa ku Blantyre konkuno, ndipo pambuyo pake kunasefukira ya Tiger Head yochokera ku Guangzhou ku China. Masana eni matochi ankatembenuza mwala umodzi kapena kuitulutsa yonse, kuopa kuti mwana angasiye moto ukutha pachabe. Yotopa ankaiyanika pa dzuwa kuti itsitsimukeko usiku umodzi. Ndipo imene yalephera kudyetsa babu ankaipititsa ku wailesi, imene siidya kwambiri, kuti ikamalizire moyo wake poimba nyimbo ndi kunena nkhani.

Amuna omwewo a ku Joni ndiwo anayamba kudziwa nyali yotchaja, kale kwambiri ife a kumudzi tisanaione. Batire lotha kudzazidwanso ndi lakale kuposa tochi, pakuti Gaston Planté anapanga la mtovu ndi asidi mu 1859, chaka chomwe chija Livingstone anaona nyanja, ndipo Waldemar Jungner wa ku Sweden anapanga la nickel ndi cadmium mu 1899. Koma mabatire amenewa anali olemera, ndipo malo amene munthu anavomera kunyamula katundu wotere m'chiuno tsiku lonse anali pansi pa nthaka, kumene lawi la moto lingathe kupha anthu ambiri nthawi imodzi. Edison anakonza nyali ya pachipewa ya anthu a m'migodi, imene boma la America linaivomereza mu 1915, ndipo m'kupita kwa zaka nyali za mtundu umenewu zinalowa m'malo mwa makandulo ndi nyali za kabaidi m'migodi ya golide ya ku Johannesburg. Wantchito aliyense anali ndi nyali ya nambala yake, imene potuluka ankaibweza ku nyumba ya nyali kuti izimwa magetsi iye ali m'tulo; ndipo nthawi yoweruka ikapita, malo a nyali ina ali chikhalire opanda kanthu, akapitawo ankadziwa kuti kuli mwana wa munthu amene sanatuluke pansi. Malume akamatisimbira zimenezi, akafika pamenepa ankatsitsa mawu, ndipo ife ana tinkakhala chete. Panapita zaka zambiri kuti mabatire otchaja achepe msinkhu, atsekeke bwino, ndi kulowa m'tochi ya m'manja. Ku California, Anthony Maglica anayamba kugulitsa tochi zake za aluminiyamu za Maglite mu 1979, ndipo mu 1982 anatulutsa yotchaja, imene apolisi ndi alonda anaikonda chifukwa cha kulimba kwake.

Apa ndi pamene funso la mmisiri uja lipezera malo ake. Babu lililonse limabadwa ndi muyeso wake, wolembedwa m'timalemba tating'ono pa khosi lake lachitsulo, wonena mavolti amene liyenera kulandira ndi kuchuluka kwa moto umene limakoka. Mwala wouma watsopano umapereka volti imodzi ndi theka, pamene wotchaja wa nickel ndi cadmium umapereka 1.2; tochi ya miyala iwiri imafuna babu la mavolti pafupifupi 2.5, ndipo ya miyala itatu imafuna la pafupifupi 3.8. Opanga mababu anapeza kale kuti mavolti akapitirira muyeso ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kuwala kumakwera ndi magawo pafupifupi anayi mwa khumi, koma moyo wa babulo umatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Indedi, walira mvula walira matope. Ine lamulo limeneli ndinaliphunzira ndi misozi. Babu la tochi ya malume litapsa, ananditumiza ku sitolo ndi ndalama m'kansalu, ndipo ine, pochita manyazi kufunsa, ndinagula loyamba limene ndinaliona, la miyala iwiri. Titaliika usiku umenewo, linawala moyera ngati dzuwa la masana, ife tonse n'kufuula mokondwa, ndipo tisanatseke pakamwa linazima osayakanso. Malume analitulutsa, naliyang'ana pa kuwala kwa moto, galasi lake litada, nati modekha: "Mphwanga, safunsa anadya phula." Sanandimenye, koma tinakhala mu mdima masabata awiri kufikira atagulitsa nkhuku, ndipo mdima umenewo unandipweteka kuposa mkwapulo.

Pofuna kuwala kochuluka popanda kupha kawaya, akatswiri anayamba kudzaza mababu ndi mpweya woletsa tungsten kuuluka n'kudetsa galasi, njira imene Irving Langmuir anaitsegula mu 1913. Pambuyo pake kunabwera mababu a krypton, amene Imre Bródy wa ku Hungary anawakonza m'zaka za m'ma 1930, kenako a halogen, amene General Electric inawalembetsa mu 1959, ndiponso a xenon. Ndipo amenewa ndiwo anthu ankagula pofuna kukweza matochi awo otchaja. Ankawaladi, koma ambiri a iwo ankakoka moto wochuluka, kotero kuti batire limene linkafika m'bandakucha linkatha tambala woyamba asanalire. Ankatentha kwambiri, mwakuti kambale ka pulasitiki kankakwinyika ndi switchi yopyapyala inkapsa. Ndipo la halogen silinkalola kugwiridwa ndi zala, pakuti mafuta a pakhungu amapsera pa galasi n'kulifooketsa. Ngakhale babu labwino koposa la kawaya, mwa magawo khumi a mphamvu imene limadya, losakwana limodzi ndilo limasanduka kuwala, otsalawo n'kutayika monga kutentha. Wowerenga Malemba akumbukira chimene chimachitika vinyo watsopano akathiridwa m'thumba lachikopa lakale. Matochi ambiri abwino anaonongeka momwemo, eni ake powapatsa diso limene thupi lake silikadatha kulisenza.

Chimene chinasintha mlandu wonsewu chinali kuwala kopanda kawaya koyaka. Mu 1962 Nick Holonyak, nayenso wa General Electric, anapanga kanjere kamene magetsi akadutsamo kamawala mofiira, ndipo kwa zaka makumi atatu timababu ta LED tinali tofiira, tachikasu kapena tobiriwira, tongodziwitsa munthu kuti wailesi yake yayaka. Kabuluu, kamene popanda iko kuwala koyera sikukadapezeka, kanakanika akatswiri ambiri, ena n'kukataya. Koma Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano ku Nagoya, ndi Shuji Nakamura wa kampani ya Nichia, anaumirira pa njira imene anzawo anaisiya, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mu 1993 kabuluu kowala kwambiri kanaoneka. Pokakuta ndi ufa wina wachikasu, kuwala koyera kunafika pa msika mu 1996, ndipo mu 2014 atatuwo analandira mphotho ya Nobel. Kanjere kameneka, pa chakudya chomwecho, kamapereka kuwala koposa kwa babu la tochi lakale pafupifupi kakhumi, ndipo tochi ikagwa pansi sikaduka. Tsopano munthu anatha kuika diso lowala koposa limene limadya mochepa kuposa limene walichotsa. Komabe nako kali ndi miyambo yake. Kali ndi mwendo wolowera moto ndi wotulukira, ndipo ukakatembenuza sikayaka. Kamafuna kachipangizo kochepetsa moto, apo ayi kamadya mosadziletsa n'kudzipha kokha. Kutentha kwake kumasonkhana kumsana, kumene kuyenera kukhudza chitsulo kuti kuchoke. Ndipo kakakhala patsogolo pang'ono kapena pambuyo pang'ono pa malo amene kawaya kakale kankakhala pakati pa kambale, kuwala kumamwazika osafika patali, tochi n'kumaoneka yowala pa mapazi koma yakhungu pa mpanda.

Kusintha kumene timababu timeneti tinabweretsa m'midzi mwathu kunali kwa liwiro loti ngakhale ife amene tinakuona sitinakuzindikire bwino. Pa kalembera wa 2008, mabanja oposa asanu ndi atatu mwa khumi alionse m'Malawi ankaunikira ndi palafini. Pa kalembera wa 2018, oposa theka ankaunikira ndi matochi ndi nyali za mabatire, magetsi a m'mawaya anali m'mabanja pafupifupi 11 mwa 100 alionse, ndipo koloboyi anali atatsala m'nyumba zowerengeka. Kusowa kwa mafuta kwa mu 2011 ndi 2012, pamene palafini anavuta kupeza, kunakankha ambiri amene ankakayikabe. Ndipo anthu athu sanangokhala ogula: anyamata a m'midzi anayamba kuchotsa timababu m'matochi osweka n'kutilumikiza ku miyala yondondozana m'kabokosi ka matabwa kapena m'nsungwi, ena n'kuika chimbale chakale cha nyimbo kumbuyo kuti chibweze kuwala, n'kupachika nyali yotere pakati pa denga. Kunyanja, siginala, msodzi wokopa usipa ndi nyali, amene agogo ake ankakopa usipa ndi muuni, ndi bambo ake ndi nyali zopopa za palafini, lero amanyamula mababu oyera ndi batire m'bwato lake. Pakhomo pambiri kagalasi ka sola kamaotha dzuwa pa denga, ndipo ngakhale foni ya m'manja ili ndi diso lake kumsana.

Sindingakhale woona mtima ndikapanda kuyamika zimenezi, pakuti mwana wowerenga lero sapuma mwaye, ndipo nyumba zopsa ndi koloboyi wogubuduzika zachepa. Koma pali chinthu chimene chikutayika, ndipo n'chimene chandichititsa kulemba. Tochi ya malume inali yomasula: kumbuyo kunkatseguka, kutsogolo kunkatseguka, babu linkachoka, sipuling'i inkakokedwa ikafooka, dzimbiri linkapalidwa, ndipo chitsulo chimodzi chomwecho chinatumikira banja zaka zoposa makumi awiri, chikusintha maso ndi miyala monga munthu asinthira zovala. Matochi ambiri otchaja amene adzaza misika lero ndi omata, opanda polowera, opepuka ngati chikwatu cha chimanga chouma. Kunja ndi okongola, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ambiri ali ndi kabatire ka mtovu kamene, kakasiyidwa kopanda moto masabata angapo, monga zimachitikira kumudzi kumene kotchajira n'kutali, kamafa osadzukanso. Ndipo mwini wake, poona kuwala kwachepa, amaimba mlandu babu losalakwa, n'kutaya tochi yonse kudzala, kumene ana amaitola n'kumaswa mabatire ndi miyala, osadziwa kuti mtovu ndi poizoni wa m'magazi ndi m'ubongo. Wosauka amene amagula tochi yotsika mtengo kanayi pa chaka walipira kuposa amene anagula yolimba kamodzi, ndipo munda wake walandira zinyalala zimene sizidzaola.

Amisiri a pa kathebulo aja ndiwo aima pakati pa ife ndi dzala limenelo, ngakhale palibe sukulu imene inawapatsa chikalata, ndipo ambiri anaphunzira poyang'ana manja a mkulu wawo ndi popsa zala. Amadziwa kudula tochi yomata n'kuimatanso. Amadziwa kuchotsa mabatire a lithium, mtundu umene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991, m'makompyuta akufa, n'kusankha amene akali ndi moyo. Ndipo abwino mwa iwo amadziwa kuti batire lotere, la mavolti 3.7, silitchajidwa ndi njira ya batire la mtovu, koma limafuna kachipangizo kake kolitetezera, pakuti likakhuta mopitirira limatupa ndi kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Nzeru imeneyi ndi yofunika kuilemekeza ndi kuiphunzitsa poyera m'masukulu a ntchito zamanja, kuti wodziwa theka asawotche nyumba ya mnzake.

Mlonda uja anadikira pa benchi pafupifupi ola limodzi. Mmisiri anapeza kuti batire linali lotopa koma losafa, kuti malo okhudzana zitsulo anali ndi dzimbiri, ndi kuti galasi lakutsogolo linali lokandika ndi fumbi la zaka. Anapala dzimbirilo, natsuka galasi, koma kambale kobweza kuwala anangokauzira mpweya osakapukuta, nafotokoza kuti kunyezimira kwake n'kopyapyala ndipo nsanza imakuchotsa. Atatero anachotsa babu la kawaya, naika la LED la muyeso wa batirelo pamodzi ndi kachipangizo kake, nalisuntha pang'onopang'ono akuwalitsa pa khoma la sitolo ya kutsidya kwa msewu, kufikira kuwala kutasonkhana pamodzi. Pomupatsa anati: "Bambo, muziitchaja isanatheretu, ndipo mukapita kumudzi musaisiye yopanda moto." Mkulu uja anailandira ndi manja awiri, naiyatsa atalozetsa pansi, nathokoza, nalipira ndalama yosafika theka la mtengo wa tochi yatsopano.

Inu owerenga, ngati m'nyumba mwanu muli tochi imene yayamba kuona mwachimbuuzi, musafulumire kuitaya, ndipo musagule babu lowala musanawerenge timalemba ta pa batire lake. Pitani nayo kwa mmisiri wa pa msika wakwanu, mumulipire moyenera ntchito yake, ndipo batire limene lafadi mulisiye m'manja mwake kapena mulisunge patali ndi ana, osaliponya m'munda kapena pafupi ndi chitsime.